Sabata imodzi pa kauntala ya akazembe ku Joni

Anthu ambiri amene amabwera ku ofesi yathu kuno ku Johannesburg sadzera viza. Nzika za South Africa zimalowa ku Malawi popanda viza, ndipo alendo a mayiko ena masiku ano amafunsira pa intaneti. Amene amadzaza mabenchi ndi akwathu, a ku Mangochi, Mzimba, Nkhata Bay, Machinga, ena atavala maovololo chifukwa angopempha theka la tsiku kwa abwana awo. Nkhani yawo imakhala ya mapepala basi. Pasipoti yatha, yabedwa, yapsera m'shaki, kapena munthuyo sanakhalepo nayo chibadwire.

Lolemba kunabwera mnyamata wina wogwira ntchito ya m'dimba cha ku Randburg. Anandipatsa pasipoti ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mayi, ndithandizeni, masiku andithera. Mundionjezereko." Pempho limeneli ndimalimva sabata iliyonse ndipo yankho lake silisintha. Mmalawi akalowa dziko lino amapatsidwa masiku 30, ndipo opereka masikuwo ndi a Home Affairs a boma la kuno, ife ayi. Kuyambira mu 2014, munthu akapitiriza masiku n'kukapezeka pa boda amamuletsa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapitiriza ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati wapyola pamenepo. Kalata ya kazembe siingafafanize zimenezo.

Nditatsegula pasipotiyo ndinapeza zidindo za pa Beitbridge, boda ya South Africa ndi Zimbabwe, mwezi ndi mwezi, pamene mwini wake akuti chifikireni sanatulukepo mu Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg. Ankaipatsira munthu wa mabasi kuti akaidinditse. Ndinamuuza mosabisa kuti achimwene, zina mwa zidindozi mwina si zaboma, ndipo tsiku limene adzazizindikire mlandu wake udzaposa wa masiku. Anachoka atakhumudwa, mwina akuti mayi aja ngouma mtima.

Lachiwiri linatha ndi mafomu, zithunzi ndi ziphaso za unzika. Pasipoti sitisindikiza kuno, zimachokera ku nthambi ya Immigration kumudzi, koma foni imangolirabe ndi funso limodzi lomwelo: yafika?

Ntchito imene ndimaiona kuti ndi yathu yeniyeni ndi ya Lachitatu, tsiku limene tinapita ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasungako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Boma la kuno silingakweze munthu basi ya ku Mwanza ife tisanavomere kuti ndi wathu n'kumulembera chikalata choyendera mwadzidzidzi. Ambiri amakhala alibe kanthu kalikonse m'thumba. Ndiye timakhala nawo pansi mmodzimmodzi n'kumafunsa: kwanu n'kuti, mfumu yaikulu ndani, gulupu ndani, sukulu munaphunzira kuti, chigayo munkapita kuti, mtsinje wa pafupi ndi uti.

Chichewa pachokha si umboni. A ku Tete amachilankhula, a ku Chipata chimodzimodzi, ndipo Chiyao cha ku Mangochi ndi cha ku Niassa n'chimodzi. Bambo wina anati kwawo ndi ku Lizulu. Amene anadutsapo pa Lizulu akudziwa kuti msewu wa M1 ndiwo malire, mbatata ya kachewere ukugula tsidya lino, tsidya linalo ndi Mozambique. Bamboyo anabadwira mbali ina, kuphunzira mbali inayo, kukwatira kumene anabadwirako. Tinachita kuimbira mlongo wake kumudzi, iye n'kutipatsa nyakwawa pa foni, nyakwawayo n'kutchula dzina la malemu mayi ake ndi pamene pali manda awo. Apo m'pamene ndinasaina.

Ena amachita zosiyana ndi zimenezi. Mmalawi weniweni amakana kuti si wa ku Malawi, amati ndi wa ku Zimbabwe kapena Mozambique, pofuna kuti akamutsitse pafupi abwerere msanga. Ena anapereka dzina labodza tsiku limene anagwidwa, ndiye abale akamufunafuna kudzera kwa ife sitimupeza pa mndandanda uliwonse. Pangano la ku Vienna la 1963 limati mlendo akamangidwa ali ndi ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa dziko lake idziwitsidwe, koma ambiri mwa anthu athu sapempha, amaopa kuti tikawaneneza. Tikawanenezanso kwa yani, ali kale m'manja mwa apolisi?

Lachinayi kunali maliro. Anabwera amuna atatu a m'bungwe lina la anthu ochokera dera limodzi, amene amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti wina akagwa thupi lake lipite kumudzi. Mabungwe otere amagwira ntchito yaikulu kuposa mmene anthu kumudzi amaganizira. Kuti thupi lichoke kuno pamafunika chikalata cha imfa, chikalata chosonyeza kuti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, chilolezo cha a zaumoyo cholitulutsira m'dziko, ndi kalata yathu yotsimikiza kuti malemuyo anali nzika. Galimoto imadzera pa Beitbridge, kudutsa Zimbabwe mpaka Nyamapanda, kulowa Tete, kukatulukira pa Zobue ndi Mwanza, ndipo pa boda iliyonse wina amawerenga mapepalawo. Vuto linali lakuti malemuyo ankagwira ntchito ndi dzina lina, chikalata cha imfa chinatuluka ndi dzina limenelo, pamene pasipoti yake yakale inali ndi dzina lobadwa nalo. Chilembo chimodzi chokha chikasiyana thupi limatha kugona pa boda, nanji dzina lonse. Wamkulu wa gululo anati, "Mayi, kumudzi anthu asonkhana kale, akungodikira ife." Ndinawatumiza kupolisi ndi msuweni wa malemuyo kukalumbira, ine n'kutsala ndikuimbira a nyumba ya maliro. Ananyamuka Loweruka m'malo mwa Lachisanu.

Lachisanu masana kunalowa agogo ena atatsamira mwana wawo wamkazi. Agogowo anabwera kuno pa nthawi ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za ku migodi ya kuno. Ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa zolemba anthu ntchito za ku migodi ndipo ambiri anabwerera, koma iwowa anatsala, anakhala mtchona. Chitonga chawo chasakanikirana ndi Chizulu, komabe mayina a midzi ya ku Chintheche anawatchula motsatana osaphonya. Akufuna kukaona kwawo maso akadali kuona.

Mwana wawoyo ali ndi chiphaso cha South Africa ndipo Chichewa samva. Anafunsa m'Chingerezi ngati bambo ake angakhale ndi mapasipoti awiri, nanga iyeyo. Ndinamufotokozera kuti kale lamulo lathu linkakana, koma kumapeto kwa 2018 Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri, ndipo pempho lotere limakaweruzidwa kumudzi, ife timangolandira ndi kutumiza. Choyamba n'kupeza wachibale wamoyo ku Nkhata Bay amene angawaikire umboni agogowo kwa amfumu. Agogowo anatchula mphwawo amene anamusiya ali kusukulu ya pulayimale. Ndalemba dzinalo, Lolemba ndiyamba ndi ofesi ya DC.