Tatuluka m'chipatala, zikomo nonse

Abale anga, tafika kunyumba ku Kasungu. Mtsikana wathu akupuma yekha, makina omuthandiza kupuma aja tawasiya ku Lilongwe. Mawu akadali osasa chifukwa cha paipi inali kukhosi ija, koma adokotala ati mawuwo abwerera. Ambuye Yesu, mwachita ndinu.

Za chibayo chija mukuzidziwa kale, sindibwereza. Ndikuthokoza anamwino a kuno amene anaona msanga kuti okosijeni yekha sakuthandizanso mwana, n'kutikweza ambulansi. Adalaivala, munadutsa Madisi, Mponela mpaka Lumbadzi usiku osaima paliponse, Mulungu akusungeni pa M1 imeneyi. Amayi a Chigwirizano, ufa ndi nkhuni zanu zinandipeza kukhitchini ya magadiyani. Alamu, ndalama munkatumiza pa Mpamba zija ndi zomwe tinkadyera. Apongozi, ana enawa ndawapeza onenepa.

Koma pali a Sisita ena a ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, ogwira usiku. Dzina sinditchula, iwo sakonda zimenezo.

Tsiku loyamba ndinangoona mawaya ndi manambala, maso anga ali pa nambala imodzi yokha ya okosijeni, ya kachipangizo kopana chala kaja. A Sisita anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, kupuma kuli pawiri. Mpweya wabwino ulowe, woipa utuluke." Anandionetsa kachipangizo kakang'ono kolumikizidwa pakati pa paipi ya mwana ndi makina, kotchedwa capnograph. Kamayeza carbon dioxide, mpweya woipa uja, umene mwana akutulutsa pa kupuma kulikonse, pogwiritsa ntchito kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared. Palibe kubaya, palibe kutenga magazi. Pagalasi pamatuluka mzere wokwera ndi kutsika ngati mizere ya m'munda, mzere umodzi kupuma kumodzi.

Anandiphunzitsa kuti kwa munthu wabwinobwino nambala yake imakhala pakati pa 35 ndi 45. Ikakwera kwambiri ndiye kuti mpweya woipa ukutsalira m'thupi, magazi amachita asidi. Ikatsika kwambiri si chimwemwe ayi, makina akupumitsa mwana mopitirira, ndipo mitsempha ya mu ubongo imapanikizika, magazi n'kumafikako ochepa. Ya mwana wathu ankailola dala kukhala pamwamba pang'ono, kuti makina asakankhe mwamphamvu mapapo odwala kale. Munthu wotanganidwa chotere, kukhala pansi kufotokozera mayi wa kumudzi zonsezi, kenaka kubwerezanso mawa lake chifukwa mutu wanga sunkagwira! Si onse angachite.

Amene sanaonepo magazi akutengedwa mu mtsempha wa pamkono wa mwana sangamvetse chifukwa chake ndikuthokoza kachipangizo. Singano imalowa mkati, pomwe pamagunda paja, ndipo kamkono ka mwana wanga kanali kale ndi mabala a madiripi. Kutenga magazi sikunathe, poti a Sisita anati mapapo akadwala kwambiri nambala ya pagalasi imatsalira pansi poyerekeza ndi ya m'magazi, ndiye nthawi zina ayenera kufananiza ziwirizo. Koma kubayako kunachepa, ndipo pakati ponsepo mzere uja unkalondera.

Usiku wina unalonderadi. Makhololo anatseka paipi. Nambala ya okosijeni inali isanatsike, ine ndikuona ngati zonse zili bwino, koma mizere ija inayamba kufupika mpaka kutsala pang'ono kuzimirira. A Sisita anali atafika kale pabedi. Anachotsa makina, kuyamba kupopa mpweya ndi manja, kuitana adokotala, kukoka makhololo aja ndi kapaipi. Ine miyendo inafa, ndinangogwada pakona n'kumatchula dzina la Yesu. Nditadzutsa mutu mizere inali itabwerera. Pambuyo pake anandiuza kuti okosijeni amachedwa kutsika, pomwe mpweya wotuluka ukasiya kuoneka umadziwa nthawi yomweyo. Anandipatsanso tiyi wa mu fulasiki yawo. A Sisita, manja anuwo Mulungu awadalitse, ana anu asadzasowe wowathandiza.

Mtima umandiwawa ndikaganiza kuti ana ambiri odwala chonchi sapeza n'komwe bedi lokhala ndi makina otere. Amene muli ndi mphamvu pa zaumoyo, zipangizo izi zifike kulikonse kumene mwana amaikidwa paipi yopumira, komanso anamwino aphunzitsidwe kuziwerenga ngati a Sisita aja.

Kwa ena amene foni zanu zinathera mayunitsi nthawi yonseyi, koma munali ndi mphamvu yofunsa anthu ngati mwana adakalipo, yankho ndi limeneli: alipo, ndipo wadya phala m'mawa uno. Sindisunga mangawa, ndatopa.

Tinasiya mnyamata wina pabedi loyandikana nafe adakali pa makina, mayi ake ndi a ku Mchinji. Muwaike m'mapemphero. Lamulungu tikapereka chothokoza kutchalitchi. Ofuna kudzationa bwerani, khomo ndi lotsegula, koma amene muli ndi chimfine kapena chifuwa muyambe mwadikira kaye, mapapo a mwanayu sanalimbe.