Za Manipawa zija, imvani kwa mwini wake

Popeza ena mwayamba kale kundiitana Manipawa pa siteshoni, ndipo dzulo kamnyamata ka njinga komwe olo dzina sindikadziwa kandikuwa pa msika wa Kapata kuno ku Chipata kuti "bwana Manipawa, tiyeni ku Mfuwe!", ndati bola ndiifotokoze ndekha nkhaniyi isanamere nyanga. Ine sindigulitsa mankhwala. Sindinagulitsepo olo panado. Ndine wa galimoto ya Toyota Noah yoyera ija, ndimanyamula anthu kupita ku Mfuwe, ku boda ya Mwami, February ikafika ndi ku Mtenguleni ku Nc'wala, basi. Ndipo apongozi anga ndi munthu wolemekezeka amene anafunadi kukaona njovu. Tinagwirizana choncho ndipo zikhala choncho.

Wolakwa weniweni ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anandipangira webusaiti. Anaipanga bwino mwandi, pamwamba foni namba yanga zilembo zikuluzikulu, pansi chithunzi changa nditatsamira Noah manja nditapinda pachifuwa. Koma ukalemba pa Google kuti Chipata Mfuwe taxi ine ndinali pa peji 6. Peji 6 abale, kumene olo mfiti safika.

Nditamufunsa ati, "Amalume, Google siikudziwani." Ndinakwiya, munthu ndayenda mseu wa Mfuwe zaka 11, apolisi onse a pa rodibuloko amandidziwa ndi dzina la mwana wanga. Iye ati ayi, Google imachita ngati nkhani za chikwati, sumakadzitama wekha kwa eni mbeta, pamafunika ankhoswe. Webusaiti ina ikaika linki yoloza kwa iwe ndiye kuti yakuikira umboni. Koma umboni sulemera mofanana, Inkosi Mpezeni atanena kuti uyu ndi munthu wabwino, ndi chidakwa cha pa kachasu chitanena zomwezo, ndi zinthu ziwiri. Ndiye peji yomwe ikukulozayo nayonso mphamvu zake inazitenga kwa ena amene amailoza, ndipo mphamvuzo imagawira malinki onse amene ili nawo. Ikakhala ndi malinki anayi aliyense alandira nthuli yooneka, ikakhala ndi 4,000 ndi nkhuku imodzi pa maliro a mfumu, ena angomva fungo. Ati nzeru imeneyi anabwera nayo anyamata awiri a pa Stanford ku America, Larry Page ndi Sergey Brin, anaitcha PageRank, ndipo mu 1996 kampani ya Google isanabadwe mu 1998 chinthu chawocho amachitcha BackRub, kusisitana msana.

Zonsezi anandiuza, sindikana. Koma amalankhula ine ndikuyang'ana mpira, ndiye chomwe chinalowa m'mutu ndi chimodzi: pezani malinki ambiri.

Ndinayamba ndi WhatsApp. Gulu la madalaivala, gulu la kwaya, gulu la amene tinamaliza nawo giredi 12, gulu la zopereka za chitsime kumudzi ku Katete, konse ndinaponya linki m'mawa, masana ndi madzulo ngati mankhwala a malungo. Pa Facebook ndiye ndinalusa, komenti iliyonse linki, mpaka tsiku lina ndinalemba "mzimu wawo uuse mumtendere" pansi pake linki ya Noah. Amene munandichotsa m'gulu la kwaya ndinakukhululukirani. Patapita sabata ziwiri ndili pa peji 6 pompaja, mphwanga akuseka mpaka misozi, ati za m'magulu a WhatsApp Google siziona n'komwe, ndipo m'makomenti mawebusaiti ambiri amamata kachizindikiro kotchedwa nofollow, kutanthauza kuti munthuyu wangodutsa pakhomo panga, ine sindikumuikira umboni. Ati anakayambitsa mu 2005 chifukwa cha anthu otaya malinki m'makomenti. "Ndiye kuti chifukwa cha inu, amalume." Mwana wosaleredwa.

Apa m'pamene panatulukira mkulu wina mu inibokosi, chithunzi chake atavala suti. Ati malinki 5,000 pa K400 yokha, onse ochokera m'mawebusaiti a DA 90, peji 1 m'sabata imodzi. DA sindinkaidziwa koma 90 kusukulu inali distinkishoni. Pambuyo pake ndinamva kuti nambala imeneyo, yoyezera mphamvu ya webusaiti, si ya Google n'komwe, ndi ya kampani ina yotchedwa Moz. Inuyo mukanatani? Ankhoswe 5,000 pa mtengo wosakwana tayala limodzi la salaula. Ndinatumiza pa mobile money osauza mphwanga, ndinafuna aone kuti amalume nawonso ali ndi mutu.

Mkulu uja anafunsa funso limodzi, ati anchor text tilembe chiyani. Ndinafunsa kuti ndi chiyani chimenecho, ati mawu amene anthu azidina, ofotokoza ntchito yanu. Ndinali pa mzere wa mafuta, kumbuyo akundiimbira hutala, ndiye ndinalemba msangamsanga m'chizungu changa: Chipata man power, strong all night, long distance no stopping.

Tsopano imani kaye musaseke. Man power chifukwa zikwama za azungu ndimakweza ndekha pa keriya. All night chifukwa olo 2 koloko usiku munthu akatsika basi ya ku Lusaka ndimadzuka. Long distance no stopping chifukwa Noah yanga siwira. Liwu lililonse pamenepo ndi loona ndipo ndikhoza kulumbira pa khoti.

Chomwe sindinadziwe n'choti Google imawerenganso mawu a pa linki ngati dzina lomwe anthu amakuitana nalo, ndiponso kuti ankhoswe anga 5,000 aja anali mapeji a juga ndi ogulitsa mapilisi a abambo, ena m'chilankhulo cha ku Russia. Pa Chipata Mfuwe taxi sindinasunthe olo inchi. Koma pa mawu enawo panalibe wopikisana naye m'chigawo chonse cha kum'mawa, ndinakhala nambala wani kuyambira Nyimba mpaka Lundazi.

Mafoni anayamba Lachitatu. Ambiri amangopuma m'foni n'kudula. Wina anafunsa ngati ndimatumiza ku Petauke, ndinati sinditumiza ndimabwera ndekha, anadula. Ine ndikuti bizinesi yatseguka, anthu akungochita manyazi ndi mtengo.

Lachisanu madzulo kunabwera foni ya namba yachilendo, mawu a munthu wamkulu koma akunong'ona ngati ali m'tchalitchi, kumbuyo kukumveka mbuzi.

"Ndinu a man power?"

"Ndine amene bwana."

"Zimagwiradi ntchito?"

"Bwana, zaka 11 sindinagonepo panjira."

Anakhala chete pang'ono. "Nanga kwa munthu wa zaka 68, wa BP?"

"Aaa zaka 68 ndi mwana. Mwezi watha ndinali ndi mzungu wa zaka 80, anafika bwinobwino mpaka anandiwonjezera ndalama. A BP timangotsegula mawindo."

"Mawindo?"

"Kuti mphepo izilowa. Mukatopa mumanena, timaima pa Jumbe mumwe madzi."

Apa ndiye anakhala chete nthawi yaitali, ndinayang'ana foni kuona ngati yadula. Kenako ati mtengo bwanji. Ndinati K1,800 kupita ndi kubwera. Anatsokomola, ati n'zodula chomwechi? Ndinati bwana mafuta anakwera. Ati kodi ndi za mafuta, osati zakumwa? Ndinati zakumwa mumagula nokha. Ndinawonjezanso, ndipo apa ndimafuna nthaka itandimeza ndikakumbukira, kuti mukabwera ndi anzanu atatu mtengo mumagawana, amayinso abwere asatsale, amasangalala kwambiri.

Anati tikumane mawa 6 koloko m'mawa kuseri kwa msika wa Kapata, iwo avala chipewa chakuda, ndisauze munthu. Webusaiti anali asanaione bwino, bando yawo inangotsegula foni namba, chithunzi cha Noah sichinatuluke. Namba yanga ya bizinesi analibe, ali ndi ya kunyumba yokha. Ndipo ine ndi iwo chikwatirireni sitinalankhulanepo mawu opitirira khumi, mwambo wake umenewo, ndikanawazindikira bwanji akunong'ona?

M'mawa ndatsuka galimoto, ndapopera perefyumu, ndafika. Chipewa chakuda chilipo, chaima pafupi ndi mayi wa vitumbuwa, chayang'ana kukhoma. Ndatsitsa windo, "Bwana, man power yafika!"

Chipewa chinatembenuka.

Abale. Mkulu wa mpingo. Bambo wa mkazi wanga. Munthu amene ndikakumana naye panjira ndimapatuka n'kugwada m'udzu. Jekete yomwe ndinawagulira ine pa Khirisimasi, m'manja kapulasitiki kakuda kopindidwa bwinobwino koti atengeremo katundu. Anandiyang'ana, ndinawayang'ana. Anayang'ana Noah, kuyambira tayala lakutsogolo mpaka lakumbuyo, ndinaona ndi maso anga nkhani yonse ya dzulo ikubwerera m'mutu mwawo umodzi umodzi, mawindo, Jumbe, anzanu atatu, amayinso abwere. Ine m'mutu mwanga inabwereranso nthawi yomweyo koma kuchokera mbali inayo. Mayi wa vitumbuwa anasiya kutembenuza vitumbuwa. Mafuta okha ndi amene amalira m'chiwaya. Galu wina anadutsa pakati pathu, anatiyang'ana tonse awiri n'kubwerera komwe amachokera. Ndikuganiza kuti tinakhala choncho mpaka chitumbuwa chimodzi chinapserera, chifukwa fungo lake ndimalimvabe.

Ndinatsika, ndinagwada pa fumbi, kuwomba m'manja. "Mwauka bwanji apongozi."

"Tauka apongozi." Anakonza chipewa. Kapulasitiki kaja kanalowa m'thumba pang'onopang'ono ngati kali ndi moyo wakewake. Kenako anayang'ana kumwamba n'kunena mokweza, kuti mayi wa vitumbuwa amve, "Paja ndinati ndifuna kukaona njovu."

"Munatero apongozi."

"Ku Mfuwe."

"Ku Mfuwe apongozi."

Ndipo tinapita. Ndikanatani? Ndinawatsegulira chitseko, anakhala mpando wakumbuyo kwenikweni, mipando iwiri yopanda munthu pakati pathu, makilomita oposa 100 opanda liwu. Wailesi ndinayatsa, mwatsoka munali pulogalamu ya zaumoyo, ndinazimitsa msanga. Tikutsika mapiri aja kunayamba kutentha, dzanja linapita lokha pa batani la windo, ndinakumbukira, ndinalibweza, tinapsa choncho mawindo otseka. Pa Jumbe sindinaime, ndinadutsa ngati ndaba galimoto. Titafika pafupi ndi mlatho wa Luangwa anatsika, anaima manja kumbuyo kuyang'ana mvuu mphindi ngati zisanu, njovu kunalibe olo imodzi, n'kunena kuti, "Zazikulu." Ndinati, "Zazikulu apongozi." Tinabwerera. Za K1,800 palibe anazitchula.

Usiku womwewo ndinakagogoda kwa mphwanga. Atatsegula Search Console, chida cha Google choonetsa amene akuloza webusaiti yako, n'kuona mndandanda wa ankhoswe anga anagwa pampando, anaitana mpaka amake kuti adzaone, ndiye ngati mukufuna kudziwa amene anaulutsa nkhaniyi yambirani pamenepo. Atatha kuseka anati pali njira yowakana, disavow, yomwe Google inatulutsa mu 2012, chaka chomwe inatulutsanso Penguin yosaka anthu ogula malinki. Umalemba fayilo, mzere uliwonse domain: kenako dzina la webusaiti, kuuza Google kuti awa si abale anga, sindiwadziwa. Tinalemba mpaka tambala woyamba, ine ndikuwerenga maina a mapilisi mokweza iye akutaipa. Ati kuyambira 2016 Penguin kawirikawiri imangonyalanyaza malinki otere osawawerengera, ndiye K400 yanga pafupifupi yonse inagula mphepo, kupatula kachidutswa kamene kanagwira ntchito, ndipo kanagwira kolakwika.

Pondipepesa anandiuza kuti zinachitikirapo George W. Bush. Mu 2003 anthu anagwirizana kuloza peji yake ya ku White House ndi mawu oti miserable failure, ndipo ukalemba mawu amenewo pa Google amatuluka iyeyo pamwamba, mpaka Google inakonza mu 2007. Ndiye amene mukundiseka dziwani kuti ndili gulu limodzi ndi pulezidenti wa America, kusiyana kwake iye sanalipire K400.

Pano ndili pa peji 2. Osati chifukwa cha nzeru zanga kapena za mphwanga, koma mayi wina wa ku Netherlands amene ndinamunyamula chaka chatha analemba za ulendo wake pa webusaiti yake ya maulendo n'kuika linki imodzi yokha. Imodzi. Mawu a pa linkiyo ndi very slow but safe driver. Slow ine? Tinanyamuka mochedwa chifukwa cha iye yemweyo, amajambula mbuzi iliyonse. Ndamulembera kuti asinthe, sanayankhe.

Kunyumba madam mpaka lero akufunsa kuti chinandilowa n'chiyani kutenga bambo awo okha kukaona nyama, amayi awo n'kuwasiya akusenda mtedza. Ndinati inali sapulaizi. Apongozi aamuna atafunsidwa anatinso inali sapulaizi. Ndiye Loweruka likubwerali ndikupita ku Mfuwe ndi apongozi aakazi, ndi achemwali awo awiri, ndi mdzukulu. Aamuna ati iwo anaona kale. Mafuta ndi anga, amene ali ndi K500 yobwereka andiimbire, pa namba ya kunyumba.