Taco wa nsomba ku Ensenada

Abale, zala zanga zikununkhirabe ndimu! Ndangotuluka kumene pamalo ena odyera m'mphepete mwa nyanja kuno ku Ensenada, Mexico. Anthu anali yakaliyakali, oimba nyimbo za ku Mexico otchedwa mariachi akuliza malipenga, mphepo ya Pacific ikuwomba.

Koma nsomba ija! Amaiviika mu ufa wosakaniza ndi madzi, n'kuikazinga mpaka iume kunja koma mkati ikhale yofewa. Kenako amaiika pa tortilla, mkate wopyapyala wa chimanga wonga chapati, n'kuwonjezera kabichi, kirimu ndi tsabola; taco ndi ameneyo. Nditangolumako, fungo la chimanga lija linandifikitsa ku Mangochi, pa nsima ya chambo ya amayi, mpaka misozi inalengeza m'maso.

Ndadya ma taco atatu ndi manja, osafuna foloko. Mawa masana ndibwereranso.