Chifukwa chake akunditcha Yona

Poti mwamva kale kuti Sienta yanga inandimeza mpaka m'chiuno, lekani ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanamere nyanga zina. Inde, boneti inandigwera. Inde, ndinali nditavala chitenje cha mayi a ana. Koma zoti ndinkaitana amayi anga a ku Ntcheu ndi bodza lamkunkhuniza, ndinkangokuwa wamba.

Zonse zinayamba ndi phokoso la m'injini, ndipo kuipa kwake n'koti limabwera kamodzi patsiku. Galimoto ikagona panja m'chisanu cha kuno ku Dedza mu Julaye, ukangoiliza imati gogogogo kwa masekondi atatu kapena anayi, kenako myaa, ngati yangotsika kumene sitima ku Dar es Salaam. Ukafika nayo kugalaja yatentha kale, makaniko amakuyang'ana ngati vuto lili m'makutu mwako. Wina sanatsegule n'komwe boneti, anangoti, "Bwana, yatsala pang'ono kunoka iyi, titsitse injini."

Ndinakana, ndipo apa pokha mundipatse ulemu wanga. Mabeyaringi a pa crankshaft, shafti imene mapisitoni amazunguza, akatha, kugogoda kwake kumakhala kolemera, kochokera pansi kusampu kumene kumakhala oyilo, ndipo sikuchoka injini ikatentha. Kumakulirakulira, chifukwa oyilo akatentha amapepuka, ndipo ukaponda mafuta kumakwera limodzi ndi injini. Pisitoni yogwedera m'silinda nayo imamveka m'mawa, ngati ukugogoda mtsuko wopanda madzi, koma imaleka pang'onopang'ono pakapita mphindi zingapo chitsulo chikatentha n'kufufuma. Gasiketi ya ekizozi ikaboola imati tchi tchi tchi n'kusiya mwaye wakuda pamene mpweya ukuthawira. Langa linkatha m'masekondi, ndipo phokoso lotero nthawi zambiri limatanthauza kuti oyilo akuchedwa kufika kumutu kwa injini.

Injini ya Sienta yanga, ya mtundu wa 1NZ-FE, imayenda ndi tcheni, osati lamba, ndipo kachitsulo kokunga tchenicho kamadalira mphamvu ya oyilo. Pa camshaft, shafti yotsegula mavalavu, palinso giya ya VVT-i, yosintha nthawi imene mavalavuwo amatseguka, yomwe ili ndi kapini koikhoma injini ikazima. Kapiniko kakapanda kukhoma bwino, giya imagubuduka mpaka oyilo atadzaza. Chinatsala n'kupeza pamene phokoso likuchokera, ndipo chida chake ndi sikuludiraiva yaitali: nsonga pachitsulo chosazungulira, chogwirira pafupa la pakhutu, wina aliza galimoto.

Wina ameneyo anali mayi a ana, 5 koloko m'mawa, tsiku ndi tsiku, poti mwayi ndi umodzi patsiku. Lolemba ndinamvera pansi pafupi ndi sampu, phokoso linamveka patali. Lachiwiri pakati pa buloko, chimodzimodzi. Lachitatu pamutu wa injini, linayandikira. Lachinayi inali nthawi ya chivundikiro cha tcheni, mbali imene kuli lamba wa alitaneta.

Za chitenje, thalauza linali pachingwe litanyowa ndi mame, ndipo kabudula yekha sakanatha chisanu chimene chija. Ndikudziwa kuti nsalu yolendewera siyandikira lamba wozungulira, n'chifukwa chake ndinachikulunga n'kuchimanga kumbuyo zolimba. Ndinaganiza kuti ndi zolimba.

Analiza. Gogogogo analowa m'khutu mwanga bwinobwino, pamwamba penipeni pa chivundikiro, pamene pali giya ija. Chimwemwe chinandipitirira, ndinakuwa kuti, "Ndaligwira!" Iwo anamva kuti "Landigwira!" Pothamangira kiyi kuti azimitse, anatsamira chiwongolero ndi chifuwa chonse.

Abale anga, hutala ya galimoto mumaimva muli kunja kapena mkati. Simunaimve mutu wanu uli m'boneti, khutu lili tcheru, mwasonkhanitsa nzeru zonse kuti mumve kaphokoso ka masekondi atatu. Ndinadumpha ngati chule woponyedwa pamoto. Mutu unagunda boneti, phewa linakankha kandodo kochirikiza kaja, boneti n'kutsika pamsana panga phwa!

Injini inali itazima, mwayi wake unali pamenepo. M'katimo munali mdima ndi fungo la oyilo, komanso kunena zoona munali mofundirako kusiyana ndi kunja. Tsaya linali pa chivundikiro cha injini, dzanja limodzi lidakagwirabe sikuludiraiva ngati msilikali wokana kutaya mfuti. Kunja kunatsala miyendo yokha, ikupalasa njinga yosaoneka. Patapata mmodzi anauluka kupitirira mpanda. Ndiye ndinamva mfundo ya chitenje ikumasuka. Sichinagwe msanga ayi. Chinatsika mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati mbendera ya pa boma dzuwa likamalowa, mpaka chinakafika pa akakolo n'kukhala pansi. Kamphepo ka kuphiri kanadutsa n'kundipatsa moni.

Nthawi imeneyo ndi imene amayi a m'dera lathu amadutsa ndi zidebe kupita kumjigo, ndipo geti ndinali nditatsegula kale. Ndinamva chidebe chikugwa. Wina anayamba pemphero lodzudzula mizimu yoipa. Mnyamata wa kabaza anaima, n'kuyamba kufotokozera amene anachedwa. Mwana wanga wamng'ono anatulukira pakhomo nati, "Amama, galimoto ikudya adadi." Ndipo mayi a ana, amene takhala nawo zaka zonsezi pa mtendere ndi pa mavuto, anatulutsa mutu pawindo n'kufunsa, "Bambo, ndilizenso?"

Anandivundukula ndi wa kabaza uja. Akuti ndinatuluka ndikunena kuti, "Ndi VVT-i," ngati pali amene anafunsa.

Chondipweteka n'choti wolakwa anapezeka kuti ndine ndemwe. Nditasolola dipisitiki, oyilo anali pansi pa theka, wakuda, wolemera ngati phala la mgaiwa. Anali 20W-50 amene ndinathira ndekha nditamva kuti injini yakale imakonda oyilo wokhuthala. M'chisanu oyilo wotero amakwera mwaulesi. Fyuluta nayo inali ija yotchipa ndinagula pa benchi mumsika. Mkati mwa fyuluta mumakhala kalabala kotseka kuti oyilo asabwerere kusampu usiku. Kanga kanali kouma gwa ngati chikopa cha ng'oma, ndiye m'mawa uliwonse pampu imayamba yadzaza kaye fyuluta, giya ndi tcheni zikulira njala kumwamba.

Ndinakhetsa oyilo injini ili yofunda, n'kuika washa watsopano pa bawuti ya sampu. Fyuluta yabwino ndinaipaka oyilo pa labala wake n'kuimanga ndi dzanja, osati sipanala. Ndinathira oyilo wopepuka wa 5W-30 malita 3.7, ndinatsukanso kasefa kakang'ono ka valavu ya VVT-i kamene kamakhala m'mutu wa injini, kanali katagwira zinyalala. Zikanapanda kusintha, chotsatira chikanakhala kusintha giya kapena chokungira tcheni, osati kutsitsa injini yonse monga ankafunira mkulu uja.

Pano kukazizira kwambiri imangoti go kamodzi basi, ndipo ine ndimamvera ndili pampando, thalauza lili m'thupi. Dzina la Yona anayambitsa ndi wa kabaza, lafika kale kutchalitchi. Patapata uja aneba akuti sanamuone, koma galu wawo amandiyang'ana mwachilendo.