Lachinayi: ndinaima pa vesi 3

Kwacha kotentha lero. Ndinalawirira ku mjigo tambala atangolira, chifukwa ukachedwa umapeza ndowa zandandalika mpaka kumsewu. Nditabwerako ndinakhala pakhonde ndi Baibulo, poti masana inali nthawi yanga yogawa mawu kumsonkhano wa amayi.

Mtima sunali m'malo. Papita milungu itatu tisakulankhulana bwino ndi amayi amene amasunga chuma cha gulu lathu, nkhani yake ndalama za malata a khitchini ya kutchalitchi. Ndinali nditasankha kale 1 Akorinto mutu 6, paja Paulo akudzudzula abale otengerana kubwalo la milandu, ndipo ndinkafuna mawuwo awalase. Koma potsegula, maso anagwera poyambira penipeni pa kalatayo, mutu 1 vesi 3: "Chisomo kwa inu ndi mtendere wochokera kwa Mulungu Atate wathu, ndi Ambuye Yesu Khristu." Ndawawerenga kambirimbiri mawu amenewa, nthawi zonse mothamanga, ngati munthu wodutsa pakhomo kuti akafike pabalaza. Lero ndinalephera kupitirira.

Chinandigwira n'chakuti Paulo ankawadziwa anthu amene ankawalemberawo. Anakhala nawo ku Korinto chaka ndi miyezi isanu ndi umodzi. Polemba kalatayi ali ku Efeso, a kwa Kloe anali atamuuza kale kuti mpingo wang'ambika, ena akuti ndi a Paulo, ena a Apolo, ena a Kefa. Ankadziwa za chigololo cha mu mutu 5, ankadziwa kuti pa mgonero wa Ambuye wina amaledzera mnzake ali ndi njala. Komabe pa vesi 2 akuwatchula oyeretsedwa mwa Khristu Yesu, oitanidwa kukhala oyera mtima. Sakuwanyengerera, pakuti kutsogoloko awadzudzula kolimba. Akungonena chimene Mulungu anachita kale pa iwo, chimene mikangano yawo sinafafanize.

Abusa anatiphunzitsapo kuti makalata a Agiriki ankayamba ndi liwu loti chairein, moni wamba, monga m'kalata ya Klaudio Lusiya kwa Felike pa Machitidwe 23:26. Paulo analisintha pang'ono liwulo n'kukhala charis, chisomo, kenako n'kuphatikizapo moni wa Ayuda, shalom, mtendere. Mgiriki ndi Myuda okhala mphasa imodzi aliyense ankamva moni wakwawo, koma utadzaza ndi Uthenga Wabwino. Ndipo sasinthanitsa: chisomo patsogolo, mtendere pambuyo. Ine ndikuona kuti si mwangozi. Pa Aroma 5:1 akuti tili ndi mtendere ndi Mulungu popeza tinayesedwa olungama ndi chikhulupiriro. Mtendere ndi chipatso, mtengo wake ndi chisomo. Ine milungu yonseyi ndakhala ndikufuna mtendere wogula: abwere, apepese, aonetse malisiti, kenako ndiwamwetulire.

Kumsonkhano tinalipo ochepa, tinakhala pansi pa mtengo wa mango chifukwa m'tchalitchi munali ng'anjo. Mutu 6 ndinausiya, ndinawerenga mavesi atatu oyambawo basi. Mayi wina wachitsikana anafunsa kuti, "Amayi, kodi si moni chabe umenewu, ngati tikamati muli bwanji?" Ndisanayankhe, agogo athu a m'gulu anati, "Mwana wanga, kwathu kuno ngakhale wobwera ndi mlandu timayamba tamuyalira mphasa ndi kumupatsa moni, malonje pambuyo. Ukamulonjera wavomereza kuti ndi munthu." Ndinaonjezapo kuti moni wathu umafunsa za moyo, pomwe wa Paulo ukupereka chinthu, ndipo chinthucho si chake. Sakunena kuti chisomo chochokera kwa ine mtumwi. Chikuchokera kwa Atate ndi kwa Ambuye Yesu Khristu, awiriwo atatchulidwa pamodzi ngati kasupe mmodzi. Myuda woleredwa m'chiphunzitso chakuti Mulungu ndi mmodzi sakanaika dzina la munthu wamba pamalo amenewo. Umulungu wa Yesu uli pomwepo pa moni, kalata isanalowe n'komwe m'nkhani.

Tinatsegulanso Agalatiya. Kumeneko Paulo wakwiya ndithu, moti mawu oyamika Mulungu chifukwa cha mpingo, amene amapezeka m'makalata ena, palibe. Koma chisomo ndi mtendere sanawamane.

Amayi osunga chuma aja sanabwere. Titaweruka ndinadzera pamsika kugula tomato ndi usipa, kenako miyendo inangolunjika kwawo. Ndinawapeza akupeta mgaiwa. Ndinati odi, anakhala kaye chete, kenako anati, "Fikani, amayi," n'kutulutsa mpando. Tinalonjerana mwadongosolo lake, za ana, za bambo awo amene akudwala mwendo, zimene ine sindinkadziwa n'komwe. Za malata tinazikhudza pang'ono chabe kumapeto. Akuti Loweruka abweretsa kope kuti tiwerengere limodzi pamaso pa amayi ena awiri.

Ndabwerera kunyumba kutada, magetsi atazima. Ndaphika pa mbaula, ndipo izi ndikulemba ndi tochi ya foni. Loweruka ndiwapitire ndekha kuti tiyendere limodzi.