Kodi Chifulani ndicho ankayankhula anthu oyamba?

M'phunziro la mbiri ya zinenero tafika pa Chifulani, chimene eni ake amati Pulaar ku Senegal, Fulfulde ku Nigeria ndi ku Cameroon. Pa intaneti ena amati chinachokera ku Egypt wakale, ena mpaka amati ndicho ankayankhula anthu oyamba padziko. Ndinafuna kudziwa gwero la maganizo otere.

Ambiri anayamba ndi Azungu a m'zaka za m'ma 1800. Poona Afulani, abusa a ng'ombe, ena oyererapo khungu, atakhazikitsa ufumu wamphamvu wa Sokoto, kumpoto kwa Nigeria, pambuyo pa nkhondo imene mtsogoleri wawo wachisilamu Usman dan Fodio anayambitsa mu 1804, anakana kuti amenewa angakhale anthu akuda enieni. Anawafunira makolo kutali. Gustave d'Eichthal anawalumikiza ndi anthu a mtundu wa Malay a ku Asia, ndipo mu 1912 Carl Meinhof anaika Chifulani m'gulu limene ankalitcha Hamitic, la zinenero zimene ankati ndi za anthu oyererapo khungu ochokera kumpoto. Apa mpamene pamandiwawa. Ooneka ngati akutamanda Afulani anali kunyoza anansi awo onse, ngati kuti chanzeru chilichonse mu Africa chinachita kubwera.

Joseph Greenberg, katswiri wa zinenero wa ku America, ndiye anagwetsa ganizoli, nasonyeza kuti Chifulani ndi cha banja la Niger-Congo, ndipo m'bale wake wapafupi ndi Chiserer cha ku Senegal komweko. Umboni uli m'mafupa a chinenero. Mayina ali m'magulu, monga zilili m'Chichewa, kungoti maguluwo ndi opitirira 20 ndipo chizindikiro cha gulu chimabwera kumapeto. Mfulani mmodzi ndi Pullo, ambiri ndi Fulɓe. Mwamuna ndi gorko, amuna ndi worɓe. Lembo loyamba nalo limasintha! Kusintha kotereku kumapezekanso m'Chiserer. Nditaona zimenezi ndinakondwa kwambiri, chifukwa Chichewa nacho chili m'banja lomweli, ngakhale chibale chake n'chakutali.

Nanga za anthu oyamba? Mafupa a anthu akale opezeka ku Jebel Irhoud, ku Morocco, akuti ali ndi zaka pafupifupi 300,000. Kufananitsa zinenero sikubwerera m'mbuyo kupitirira zaka pafupifupi 10,000, chifukwa mawu amasintha m'badwo uliwonse mpaka mapazi amafufutika. Pakati ponsepo palibe amene angaolotse mawu ndi amodzi omwe n'kunena motsimikiza kuti awa ankatchulidwa kalelo.

Sindikunena kuti Afulani alibe mbiri yakale. Amadou Hampâté Bâ, Mfulani wolemba mabuku wa ku Mali, ataona zithunzi za ng'ombe zojambulidwa pamiyala ya Tassili n'Ajjer ku Algeria, anazindikiramo miyambo ya abusa a kwawo, ngakhale akatswiri ena amakayika. Magazi a Afulani amasonyezanso kusakanikirana ndi anthu a kumpoto kwa Africa. Koma magazi ndi chinenero siziyenda njira imodzi nthawi zonse, ndipo apa mpamene olemba ambiri amasokoneza. Ine ndikufuna kuyamba ndaphunzira bwino magulu a mayinawa, kenaka ndidzawayerekeze ndi athu limodzilimodzi.