Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Sabata yachiwiri

Gawo lapita lija ndinalekezera pa maliro a amalume ku Jali, kumayambiriro kwa Januwale 2021, pamene mvula inatipanikiza amuna tonse pakhonde limodzi usiku wonse.

Patatha masiku asanu chibwerereni ku Chinamwali, kukhosi kunayamba kukanda. Ndinangoti ndi fumbi la nsalu, poti ife atelala chimfine sichitisowa. Madzulo ake thupi linatentha, msana ukuphwanya. Tsiku lachitatu mayi a kunyumba ankakazinga usipa ine ndili pafupi, koma fungo osalimva ngakhale pang'ono. Apa mpamene mtima unagunda. Inali sabata yomwe nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale, ndipo a Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Atandipisa kathonje m'mphuno, zotsatira zinati Covid-19.

Achemwali anga aakulu ndi namwino, ndipo ankandiimbira foni usiku uliwonse. Funso lawo loyamba linali limodzimodzi: "Achimwene, lero ndi tsiku lachingati?" Ine zinkandikwiyitsa. Munthu ndikuvutika, iwo akuwerenga masiku!

Anandifotokozera kuti kachirombo kakalowa m'maselo a m'mphuno ndi kukhosi, maselowo amatulutsa zinthu zotchedwa interferon, monga munthu wokuwa kuti "wakuba!" kuti oyandikana nawo atseke zitseko. Kutentha thupi ndi kuphwanya kuja kunkachokera ku mfuu imeneyi. Koma alonda a m'thupi oyamba kufika sadziwa nkhope ya wakubayo, amangomenya chimenyemenye. Asilikali odziwa nkhope yake amayenera kuphunzitsidwa kaye, m'timibulu tija tikatupa timati mwanabere, ndipo zimenezi zimatenga sabata kapena kuposerapo.

Anansi, Mulungu awadalitse, ankasiya pakhomo mandimu, jinja ndi masamba a bulugamu. Kufukiza kunkanditsegula mphuno ndithu. Wina anabweretsa azithromycin, koma achemwali anakaniza kuti mankhwala amenewo amapha mabakiteriya, vairasi samuona n'komwe.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinadzuka wopepuka. Ndinadya nsima yonse, mpaka kukhala pa makina n'kupinda siketi imodzi. Ndinawauza achemwali kuti ndachira. Iwo anangoti, "Tidikire kaye sabata yachiwiri."

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinalephera kuyenda kuchoka kubafa kufika kuchipinda osapumira. Ululu panalibe, kungoti mpweya sunkakwana, ngati ndikupumira m'bulangete lonyowa. Kamakina kopanira chala koyezera okosijeni m'magazi, kamene anatitumizira, kanaonetsa nambala yotsika, 88. Usiku womwewo ndinali m'chipatala, timapaipi ta okosijeni tili m'mphuno.

Kumeneko anayamba kundipatsa dexamethasone. Nditamva kuti ntchito yake ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi, ndinachita mantha kwambiri. Tonse tinakula tikumva kuti asilikali a m'thupi akachepa munthu wapita, nanga awa akuwachepetseranji dala? Ndinaimbira achemwali foni ndikulankhula modukizadukiza.

"Achimwene, mukukumbuka chaka chija anyamata anaotcha tchire posaka mbewa, moto n'kufika pa nkhokwe ya agogo?"

Ndinakumbuka.

"Ndi zimene zikuchitika m'mapapo mwanumo."

Anati pofika sabata yachiwiri kachirombo kamakhala kayamba kale kuchepa. Maselo otchedwa T amakhala akupha maselo onse ogwidwa, pamene maselo a B akutulutsa ma antibody omata kachiromboko kuti kasalowenso kwina. Mwa anthu ambiri nkhondo imathera pomwepo mwakachetechete. Koma mwa ena moto umapitirira: timatumba ta mpweya m'mapapo timatupa n'kudzaza madzi, okosijeni osadutsa bwino kupita m'magazi. Mankhwala aja ndi ozimitsa motowo. N'chifukwa chake amapatsa okhawo ofuna okosijeni, poti kumwa masiku oyambirira kuli ngati kumanga manja alonda wakuba akadali m'nyumba. Ndinazindikira tsopano chimene ankawerengera masiku.

Pa bedi loyandikana nane panali bambo wina wachikulire wa matenda a shuga. Usiku tinkalimbikitsana ndi maso okha. Mmawa wachinayi ndinapeza bedi lake layalidwa kale nsalu zina. Mpaka lero ndimamupempherera ngati mbale wanga.

Ndinatuluka patatha masiku asanu ndi limodzi, miyendo ili lendelende. Chifuwa chinandikakamira mpaka Malichi, ndipo achemwali ankati njira za mpweya zikudzikonza, ndisathamangire ntchito. Anandiuzanso kuti ma antibody adzachepa miyezi ikamapita, koma maselo ena okumbukira nkhope ija amatsala, okonzeka kudzuka m'masiku ochepa chabe. Ndinadzaona ndekha m'Disembala, nditabayitsanso katemera wa AstraZeneca: mtundu watsopano wa kachiromboko wotchedwa Omicron utandipeza, unangokhala chimfine cha masiku atatu. Koma za katemerayo, ndi mkangano umene unabuka kumpingo kwathu, ndi za gawo likubwerali.

Fungo ndiye linachedwa. Miyezi iwiri ndinkadya ngati ndikutafuna thonje, ndipo ndinali nditayamba kuvomereza kuti basi. Tsiku lina mmawa ndikudonthezera mafuta m'makina anga osokera, ndinamva kafungo kake patalipatali. Ndinayandikitsa botolo pamphuno, n'kuitana mayi a kunyumba kuti abwere ndi anyezi.